Akasinja omwe adathera papepala

Pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa mzinda wa Moscow m'dziko la Russia, pamalo otchedwa Kubinka, pali nyumba yosungiramo zida zakale zankhondo. M'nyumbamo muli chimkasinja cholemera matani 188 chomwe eni ake, Ajeremani, adachipatsa dzina loseketsa loti Maus, kutanthauza mbewa.

Kuti mumvetse kulemera kwa mbewa imeneyi, tangoganizirani matumba a chimanga 3,760 a makilogalamu 50 ataunjikidwa pamodzi. Chiyambire, palibenso kasinja wina wolemera chotere yemwe adakonzedwa mpaka kufika poyenda.

Komatu ukulu wonsewu sudaphule kanthu. Akasinja awiri okha a mtunduwu ndiwo adayendako, ndipo yemwe ali ku Kubinkayu ndi wolumikiza: mutu ndi wa wina, thunthu ndi la wina. Asilikali a dziko la Soviet Union ndiwo adalumikiza zidutswazi nkhondo itatha n'kupita nazo kwawo m'chaka cha 1946.

Chodabwitsa n'chakuti lero mbewa zomwezi zadzaza m'mashelefu a m'nyumba za anthu ku Ulaya, America ndi Asia. Izi ndi mbewa zapulasitiki zotalika masentimita 29 basi, zomwe anthu amagula zili zidutswazidutswa m'bokosi, n'kuzimata ndi guluu, kenaka n'kuzipaka penti mosamala kwa masabata ngakhale miyezi.

Monga momwe ana kwathu kuno amapindira magalimoto a mawaya kapena kuumba ng'ombe zadongo, kumaiko amenewa kuli akuluakulu a ndevu zawo omwe amathera nthawi ndi ndalama pokonza tizifanizo ta akasinja, ndege ndi sitima zankhondo. Anthuwa ali ndi chiyankhulo chawochawo, ndipo kasinja ngati Maus amamutchula kuti paper panzer.

Dzinali likutanthauzanji?

Dzinali ndi la mawu awiri ochokera m'ziyankhulo ziwiri. Loyambalo, paper, ndi la Chingerezi ndipo ndi lomwe lidabala liwu lathu lija loti pepala. Lachiwirilo, panzer, ndi la Chijeremani. Tikati timasulire m'Chichewa, tinena kuti kasinja wa papepala.

Liwu loti panzer ndi lakale kuposa akasinja. Lidachokera ku liwu la Chifalansa chamakedzana lotanthauza chovala chachitsulo chomwe msilikali ankatchinjirizira mimba yake. Mpaka lero Ajeremani amatchula chigoba cha fulu kuti panzer. Akasinja atabwera, iwo adawatcha Panzerkampfwagen, kutanthauza galimoto yankhondo yovala chitsulo, koma poti dzinali n'lalitali, anthu adangolidula n'kumati Panzer.

Angerezi nawo dzina lawo loti tank lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 1915, pomwe ankakonza akasinja awo oyamba, adafuna kuti adani asadziwe chomwe chikuchitika m'mafakitale, choncho adanamizira kuti akukonza mathanki a madzi. Akasinjawo adalowa m'bwalo lankhondo koyamba pa 15 September 1916 ku France, koma dzina lonamiziralo lidakakamira mpaka lero.

Nanga pepala likubweramo bwanji? Kasinja aliyense amabadwira papepala. Mainjiniya amayamba ajambula, kenaka amisiri amasema chifanizo chamatabwa, pambuyo pake n'kukonza kasinja mmodzi kapena awiri oyesera. Akuluakulu ankhondo akakhutira, m'pomwe fakitale imayamba kupanga ambirimbiri. Kasinja wa papepala ndi yemwe ulendo wake udadukira panjira, osafika pa sitepe yomalizayi.

Dzinali silipezeka m'makalata a boma la Adolf Hitler. Mainjiniya a nthawiyo ankagwiritsa ntchito zilembo ndi manambala monga VK 45.02 kapena E-50. Paper panzer ndi dzina la anthu oyankhula Chingerezi omwe adadza pambuyo, ofufuza mbiri ndi okonza tizifanizo.

M'makutu mwa Mngerezi, dzinali lili ndi kachipongwe pang'ono chifukwa limafanana ndi mawu ena odziwika oti paper tiger, kambuku wa papepala, omwe amanena chinthu chooneka choopsa koma chopanda mano. Mawuwa ndi ochokera ku China ndipo adamveka padziko lonse Mao Zedong atawagwiritsa ntchito m'chaka cha 1946 pocheza ndi mtolankhani wa ku America, Anna Louise Strong. Poti kasinja wotchuka kwambiri wa Ajeremani dzina lake adali Tiger, nthabwalayo idagwera pake.

Chomwe chidakhazikitsa dzinali pakati pa okonda mbiri ya akasinja ndi mabuku awiri a Thomas Jentz wa ku America ndi Hilary Doyle wa ku Ireland, omwe adatuluka m'zaka za 2001 ndi 2002 pamndandanda wa mabuku otchedwa Panzer Tracts. Mabuku onse awiri mutu wake udali Paper Panzers. Jentz, yemwe adamwalira m'chaka cha 2012, ankafukula makalata enieni a makampani ndi a asilikali a ku Germany, pomwe Doyle ankajambula akasinjawo potsata miyezo yomwe idapezeka m'makalatamo.

Mbewa, khoswe ndi mkango

Si mwangozi kuti dzinali lidatengera liwu la Chijeremani. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse, dziko la Germany lidasiya mulu waukulu wa mapulani omwe sadakwaniritsidwe.

Zidayamba m'chaka cha 1941 pomwe asilikali a Hitler adalowa m'dziko la Soviet Union n'kukumana ndi akasinja a T-34 ndi KV-1 omwe zipolopolo za mizinga yawo yambiri zinkangodumpha. Mantha atagwira akuluakulu ku Berlin, mpikisano udayambika pakati pa makampani wofuna kukonza kasinja wamkulu kuposa onse.

Kampani ya Krupp idajambula kasinja wotchedwa Löwe, kutanthauza mkango, koma m'chaka cha 1942 ntchitoyo idaimitsidwa pofuna kupereka mpata kwa Maus. Mkango udagonjera mbewa usadatuluke n'komwe papepala.

Mwini nzeru za Maus adali Ferdinand Porsche, yemwe uja adajambulanso galimoto yotchuka ya Volkswagen Beetle. Kasinjayu adali ndi mizinga iwiri, wa mamilimita 128 ndi wina wa mamilimita 75, ndipo chitsulo cha kumaso kwake chidali chokhuthala masentimita 20 kapena kuposerapo. Injini yake sinkazunguza matcheni mwachindunji ayi, koma inkapukusa jenereta yomwe inkapereka magetsi ku mamota awiri.

Vuto lidali kulemera. Milatho yambiri sikadatha kumunyamula, choncho mainjiniya adaganiza zoti akafika pamtsinje, azingolowa m'madzi n'kuyenda pansi, mpweya ukulowera pa chipaipi chachitali, magetsi akuchokera kwa Maus mnzake woima kumtunda kudzera pa chingwe. Apa ndiye kuti mbewa imodzi sikadaoloka mtsinje popanda inzake.

Hitler adaonetsedwa chifanizo chamatabwa mu May 1943 ndipo padali chikonzero chopanga akasinja oposa 100 otere. Koma chaka chomwecho ndege za Britain zidaphulitsa mafakitale a Krupp mumzinda wa Essen, ndipo chikonzerocho chidafafanizidwa chaka chisadathe.

Ngati mbewa ikukudabwitsani, imvani za khoswe. M'chaka cha 1942, injiniya wina dzina lake Edward Grote adapereka maganizo okonza chimkasinja cha matani 1,000, chotalika mamita 35, chonyamula mizinga iwiri ya mamilimita 280 ya mtundu womwe unkaikidwa pa sitima zankhondo zapanyanja. Chilombochi chimadziwika ndi dzina loti Ratte, kutanthauza khoswe. Palibe msewu, mlatho kapena njanji yomwe ikadachinyamula, ndipo sichidakonzedwe.

Padalinso mndandanda wa akasinja a chilembo cha E, omwe ndi E-10, E-25, E-50, E-75 ndi E-100, manambalawo akuimira gulu la kulemera kwawo m'matani. Ganizo lake lidali lanzeru: akasinja osiyanasiyana azigwiritsa ntchito zipangizo zofanana kuti kupanga ndi kukonza kuphweke. Koma ganizoli lidabwera madzi atafika kale m'khosi. Mwa onsewa, E-100 yekha ndiye adafika pooneka ndi maso, ndipo lidali thunthu lopanda mutu lomwe asilikali a maiko ogwirizana adalipeza pafupi ndi mzinda wa Paderborn m'chaka cha 1945. Angerezi adalitengera kwawo, ndipo pambuyo pake lidaphwanyidwa ngati chitsulo chakutha.

Pusi adagwa chagada

Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Pomwe mainjiniya a ku Germany ankadumphira pulani iyi ndi iyo, adani awo adasankha akasinja ochepa mitundu n'kumawapanga ngati zitumbuwa.

Manambala akuchitira umboni. Ajeremani adapanga akasinja a Tiger oyamba aja pafupifupi 1,350, a Tiger II osafika 500, ndi a Panther pafupifupi 6,000. Dziko la America lidapanga akasinja a Sherman oposa 49,000, pomwe Soviet Union idapanga a T-34 oposa 50,000 nkhondo isadathe.

Ngakhale akasinja olemera omwe adafikadi kunkhondo ankavutitsa eni ake. Tiger II, wa matani pafupifupi 70, ankaonongeka kawirikawiri injini ndi magiya, ndipo ambiri adasiyidwa m'mbali mwa msewu kapena kuphulitsidwa ndi oyendetsa ake omwe kaamba kosowa mafuta ndi chowakokera. Zinthu zidafika poipa mu August 1944 pomwe Germany idataya zitsime za mafuta za ku Romania. Tsono ngati wa matani 70 ankasowa mafuta, wa matani 188 akadamwa chiyani?

Malire ake ali pati?

Pakati pa okonza tizifanizo pamakhala mtsutso wosatha: kodi ndani ayenera kutchedwa kasinja wa papepala?

Ena amaumirira kuti dzinali ndi la akasinja okhawo omwe sadakhudzepo chitsulo, monga Löwe, Ratte ndi E-50. Kwa iwowa, Maus si wa papepala chifukwa adakonzedwa, adayenda, ndipo munthu atha kupita ku Kubinka kukamugogoda ndi chala.

Ena amatambasula dzinali kuti likwanire kasinja aliyense yemwe sadapangidwe ambirimbiri m'fakitale, kaya adathera pa chojambula, pa chifanizo chamatabwa kapena pa woyesera. Umu ndi momwe anthu ambiri ndi ogulitsa mabokosi a tizifanizo amaligwiritsira ntchito. Potero amalowetsamo Maus, E-100, Panther II yemwe thunthu lake limodzi lokha likusungidwa ku America, komanso Coelian, kasinja wowombera ndege yemwe mutu wake udangosemedwa ndi matabwa.

Dzinali lidadumphanso malire a Germany. Angerezi ali ndi TOG II wa matani 80 ndi Tortoise, kutanthauza fulu, yemwe adakonzedwa asanu ndi mmodzi okha nkhondo itatha kale. Onsewa akuoneka kunyumba yosungira akasinja ya ku Bovington. Amereka adakonza awiri a T28, ndipo mmodzi adaiwalika kwa zaka zambiri mpaka pomwe adapezeka ali m'tchire ku Fort Belvoir m'chigawo cha Virginia m'chaka cha 1974. Ku Russia, m'chaka cha 1915, kudali kasinja wa Lebedenko wa mawilo otalika mamita 9, yemwe adatitimira m'dothi lofewa pomuyesa n'kusiyidwa pomwepo.

Amawakonderanji?

Kuti timvetse chikondi chimenechi, tiyambe taona momwe luso la tizifanizo limayendera. Muyezo wotchuka kwambiri ndi wa 1/35, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa kachifanizo ikuimira masentimita 35 pa kasinja weniweni. Muyezowu udafala ndi kampani ya Tamiya ya mumzinda wa Shizuoka ku Japan, yomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 idatulutsa kachifanizo ka Panther koyendera mabatire. Kukula kwake kudatengera malo oti mabatire akwanemo, ndipo atayeza adapeza kuti ndi 1/35.

Munthu akamakonza kachifanizo ka kasinja yemwe adamenyadi nkhondo, manja ake amakhala omangika. Pali zithunzi, pali mabuku, ndipo pali anzake ena omwe amawatcha rivet counters, kutanthauza owerenga misomali, omwe sachedwa kuloza chala kuti penti iyi si ya chaka chimenecho kapena nambala iyi si ya gulu limenelo.

Kasinja wa papepala amamasula munthu ku zonsezi. Poti sadapiteko kunkhondo, palibe chithunzi choti wina akutsutse nacho. Upake mtundu womwe ukufuna, umuike m'chipale chofewa kapena m'mabwinja a mzinda, palibe angakuuze kuti walakwa. Ambiri amakonda kusiya mbali zina zili ndi penti yofiirira yoteteza dzimbiri, ngati kuti kasinjayo watuluka m'fakitale mothamanga asadamalizidwe.

Nawo makampani adaonapo msika. Akasinja enieni a nkhondo ija adatha onse kupangidwa m'pulasitiki kambirimbiri, choncho makampani monga Dragon ya ku Hong Kong, Trumpeter, Takom, Amusing Hobby ndi Modelcollect adatembenukira ku mapulani akale aja. Lero ngakhale khoswe uja akupezeka m'bokosi, koma pamuyezo waung'ono wa 1/144, poti pa 1/35 angatalike mita yathunthu.

Chiyankhulo cha anthuwa chili ndi mawu enanso apachibale. What if, kutanthauza kuti zikadatero bwenzi zili bwanji, ndi dzina la tizifanizo tonse tongoganizira. Okonda ndege amati Luft '46 ponena ndege zomwe Germany ikadaulutsa nkhondo ikadafika m'chaka cha 1946, ndipo a akasinja amati Panzer '46. Palinso liwu lachipongwe loti Napkinwaffe, lomwe likuphatikiza kapepala kopukutira pakamwa podyera ndi liwu la Chijeremani lotanthauza chida. Apa amakhala akuseka mapulani omwe amaoneka ngati munthu adangowakhwatchakhwatcha akudikira chakudya.

Bodza likavala yunifomu

Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake. Pomwe mapulani akale adasiya mpata, opanga tizifanizo amadzazapo ndi maganizo awo. Mwachitsanzo, zojambula zomwe zidatsala za E-50 ndi E-75 zimaonetsa kwambiri thunthu ndi mawilo, moti mitu ndi mizinga yomwe mumaiona pa tizifanizo take ndi yongobwereka kwa akasinja ena. Wogula wosadziwa amatenga zonse ngati mbiri.

Nkhaniyi idakula ndi masewero a pakompyuta. Sewero la World of Tanks, lomwe kampani ya Wargaming idatulutsa m'chaka cha 2010, lidafikitsa akasinja a papepala kwa achinyamata miyandamiyanda omwe sadagwirepo guluu. Pofuna kudzaza mipata m'seweroli, akasinja ena adachita kupekedwa. Wodziwika kwambiri ndi Waffenträger auf E 100, yemwe sadajambulidwepo ndi injiniya aliyense wa nthawi ya nkhondo, ndipo adachotsedwa pamndandanda wa akasinja wamba a seweroli m'chaka cha 2016. Sewero lina, War Thunder, nalo m'chaka cha 2019 lidachotsa pamndandanda wake Panther II, Coelian ndi Tiger II wa mzinga wa mamilimita 105 pachifukwa choti momwe ankaonekera m'seweromo sizinkagwirizana ndi mbiri.

N'chifukwa chake ofufuza mbiri amasiyanitsa magulu awiri. Kasinja wa papepala ali ndi umboni: chojambula, kalata kapena ndondomeko ya zokambirana za pamsonkhano. Kasinja wabodza alibe chilichonse, adabadwira m'mutu mwa munthu zaka zambiri nkhondo itatha. Kusakaniza awiriwa ndiye kuipitsa mbiri.

Palinso bodza lina lalikulu lomwe limabisala kuseri kwa chaka cha 1946 chija, loti Germany ikadangopeza miyezi ina yochepa, zida zodabwitsazi zikadatembenuza nkhondo. Limeneli ndi bodza lomwe nduna yofalitsa nkhani ya Hitler, Joseph Goebbels, inkadyetsa anthu ake mizinda ikupsa. Papepala kasinja satha mafuta, sathyoka giya ndipo satitimira m'matope. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tisaiwalenso manja omwe akadakonza akasinjawa. Pofika m'chaka cha 1944, m'dziko la Germany mudali anthu akunja oposa 7 miliyoni, kuphatikizapo akaidi ogwidwa kunkhondo, omwe ambiri mwa iwo ankagwira ntchito mokakamizidwa. Fakitale yaikulu ya akasinja ya Nibelungenwerk ku Austria inkagwiritsa ntchito akaidi a kundende yozunzirako anthu ya Mauthausen. Mwini kampani ya Krupp, Alfried Krupp, adagamulidwa ku Nuremberg m'chaka cha 1948 kuti akakhale kundende zaka 12 pamilandu yomwe umodzi mwa iyo udali wogwiritsa anthu ntchito yaukapolo, ngakhale adatulutsidwa m'chaka cha 1951.

Nkhondo ku Ulaya idatha pa 8 May 1945. Ikadapitirira chaka china kuti mbewa ndi makoswe aja atuluke m'mafakitale, ndende zija nazo zikadapitirira chaka china. Mpaka lero malamulo a ku Germany amaletsa kuonetsa chizindikiro cha chipani cha Nazi pa malonda, n'chifukwa chake mabokosi ambiri a tizifanizo sakhala nacho.

Pepala lina limanena zoona

Si kasinja wa papepala aliyense yemwe adali loto la wamisala. M'chaka cha 1912, nkhondo yoyamba ya dziko lonse isadayambe, injiniya wa ku Australia, Lancelot de Mole, adatumiza ku unduna wa zankhondo ku London mapulani a galimoto yachitsulo yoyenda pa matcheni, yotha kudumpha maenje. Akuluakulu kumeneko sadalabadire. Chaka chimodzi izi zisadachitike, mu 1911, msilikali wa ku Austria, Günther Burstyn, adali atakanidwanso ndi boma lake atapereka maganizo ofananawo.

Patangopita zaka zochepa, Angerezi adayamba kufufuza kuchokera pachiyambi chinthu chomwe mapulani ake adali kale m'kabati mwawo. M'chaka cha 1919, komiti yoona za mphotho za anthu otulukira zinthu idavomereza kuti nzeru za De Mole zidali zapamwamba, koma poti sizidagwiritsidwe ntchito, idangomubwezera ndalama zomwe adaononga, mapaundi 987.

Kasinja wa De Mole sadakonzedwe. Chomwe chidatsala ndi kachifanizo kakang'ono komwe adakonzetsa pofuna kukopa akuluakulu aja, ndipo kakusungidwa ku Australian War Memorial mumzinda wa Canberra.

Tsono mukadzaona mwana wanu akuyendetsa chimkasinja chachilendo pakompyuta kapena pafoni n'kumakuuzani kuti ichi ndiye chidali choopsa kuposa zonse pankhondo ya Hitler, mudzamufunse mafunso atatu: adakonza angati, adamenyera kuti, nanga umboni wake uli kuti? Akadzakanika kuyankha, mudzadziwe kuti mwakumana ndi kasinja wa papepala, kapenanso wabodza amene.